Migdalia, Mthandizi wa Makolo Anzake

Ine ndi Migdalia Sepúlveda tinagwira ntchito limodzi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi m'khitchini ya sukulu ya boma kuno ku Adjuntas, tauni ya kumapiri pachilumba chathu. Dzina langa ndine Nereida. Ine ndinkatsuka mapoto ndi kugawa chakudya, iye ankaphika. Ndi mayi wamfupi koma wa mawu akulu, woti akaseka ana ankamumva ali m'kalasi. Anakulira ku Guilarte, m'minda ya khofi, ndipo amakonda kunena kuti zala zake zinadziwa kuthyola khofi zisanadziwe kugwira pensulo. Mpunga wa nandolo wa ana mazana atatu ankauthira mchere osayeza, koma sunalakwikepo.

Mwana ali naye mmodzi. Anamudikira zaka zisanu ndi zitatu chikwatiwire ndi a Efraín, amene ankayendetsa lole ya simenti. Atabadwa anamutcha Yarelis. Anali mwana wofatsa, wokonda kujambula, ndipo anaphunzira pasukulu yathu yomweyi.

Atakwanitsa zaka khumi ndi zitatu, Yarelis anasintha. Ankatha sabata yonse akulankhula mosalekeza, tulo osabwera, akujambula mbalame pamakoma a chipinda chake mpaka kudenga. Kenako ankagwa ngati nthochi yodulidwa, masabata atatu osafuna kudzuka, osasamba, chakudya kungochiyang'ana.

"Ndi ulesi umenewu," Migdalia ankandiuza tikusenda anyezi. "Watengera kuchimuna. Ife pamsinkhu umenewu tinali titasenza kale madengu a khofi."

"Mwina ndi chinamwali," ndinkatero ine, poti nanenso sindinkadziwa kanthu.

Anapita naye kwa abusa, anamupempherera. Anapita naye kwa mayi wina wa mizimu ku Lares, anamusambitsa masamba. Tsiku lina m'mawa mwanayo atakana kudzuka, Migdalia anamukoka pabedi n'kumuwomba mbama. Anandiuza yekha tsiku lomwelo. Ankafotokoza akuseka.

Patapita masabata awiri, tili mkati mogawa chakudya cha masana, mlangizi wa ana pasukulupo, mayi Bermúdez, anaima pakhomo la khitchini n'kumuitana. Mphunzitsi wa masewera anali ataona mikono ya Yarelis. Inali ndi mabala odzicheka yekha, ena akale, ena adzulo lomwe. Migdalia anatuluka epuloni ili m'thupi, ine n'kumaliza ndekha kugawa.

Yarelis anagonekedwa masiku khumi ndi limodzi m'chipatala cha ana odwala maganizo kufupi ndi San Juan, ulendo wa maola awiri kuchokera kuno. Tsiku loyamba lokamuona, Migdalia ananyamula chikwama chodzaza: nsapato, buluku, kagalasi, mapensulo ojambulira. Pakhomo anamubwezera pafupifupi zonse. Nsapato za zingwe ayi, buluku la chingwe m'chiuno ayi, galasi ayi. Panalibe amene anamuuza zimenezi. Anakhala pabenchi, chikwama pamiyendo, misozi ili chuchuchu. Mayi wina amene anali pambali pake, wovala yunifolomu ya m'sitolo, anatenga nsapato zija n'kusolola zingwe, anasololanso chingwe cha buluku, n'kumubwezera.

"Pitaninso nazo, alandira. Ndipo mukalowa musakamufunse kuti wachitiranji zimenezi, nayenso sakudziwa. Mukamufunse ngati akudya."

Migdalia sanafunse dzina la mayiyo, ndipo sanakumanenso.

Madokotala anatchula dzina la matendawo n'kupereka mankhwala. Kwa chaka ndi theka zinthu zinayenda, lero bwino mawa movuta. Kenako kunabwera namondwe wamkulu wa mu 2017. Tinakhala miyezi yopanda magetsi, ndipo dokotala amene ankaona Yarelis ku Ponce anatseka ofesi n'kusamukira ku Florida, kutsidya kwa nyanja, monga anachitira anthu ambiri. Kuti aonane ndi wina, anauzidwa kuti adikire miyezi isanu. Mankhwala anatha, mwana anayambanso kutsika. Mlongo wa a Efraín, amene amakhala ku Hartford, mzinda wozizira wa kutsidya komweko, anati abwere naye kumeneko. Migdalia sakanatha kupita nawo. Amayi ake anali chigonere, atafa ziwalo mbali imodzi, ndipo mwana wamkazi m'banjamo anali iye yekha.

"Miyezi itatu yokha," anatero a Efraín pabwalo la ndege. Ndinalipo, ndine ndinawaperekeza pa galimoto yanga. Yarelis anali ndi zaka khumi ndi zisanu. Anakumbatira mayi ake ndi dzanja limodzi, linalo litagwira chikwama, ndipo polowa sanacheuke. Ife tinaima pagalasi mpaka mlonda anatiuza kuti ndegeyo inanyamuka kalekale.

Miyezi itatu ija inasanduka zaka. Yarelis anapeza dokotala wabwino, anamaliza sukulu komweko, n'kuyamba ntchito pamalo osambitsira ndi kumeta agalu. A Efraín anapeza ntchito, kenako anapezanso mkazi wina. Za izo Migdalia salankhula zambiri, amangoti kumene kuli chisanu munthu amafuna bulangeti. Chipinda cha mwana sanachipentenso. Lamlungu akaweruka kutchalitchi ankatsegula mawindo ake, n'kukhala pabedi kuyang'ana mbalame za pakhoma zija.

Patatha zaka zinayi amayi a Migdalia anamwalira, ndipo iye anakwera ndege kukaona mwana. Anakonza zokakhala mwezi wathunthu, koma anabwerako patatha masiku khumi ndi awiri.

"Ndakalakwitsa, Nere," anandiuza tikuchokera ku bwalo la ndege. "Ndimati ndikalowa kubafa, ndimatsegula botolo la mankhwala ake kuti ndione ngati akumwa. Akavula juzi, maso anga pamikono. Tsiku lina anandipeza botolo lili m'manja. Ukudziwa anati chiyani? Anati, 'Amayi, ine ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Inu mukandiyang'ana mumaona matenda okhaokha.'"

Kuchokera pamenepo mafoni anachepa. Migdalia ankatumiza uthenga m'mawa uliwonse: chithunzi cha nkhuku, cha mtengo wa malalanje, cha nkhungu itakuta phiri. Mayankho ankabwera a mawu awiri, nthawi zina patatha masiku atatu. Foni ankaisunga m'thumba la epuloni ngakhale malamulo a kukhitchini amaletsa, ndipo ikanjenjemera ankasiya chipande pomwe chili. Kawirikawiri unkakhala uthenga wa kampani ya mafoni.

M'tauni yaing'ono ngati yathu nkhani sibisika. Azimayi anayamba kumabwera pakhomo lakuseri la khitchini ngati akufunsa zina, n'kuthera pa nkhani ya ana awo. Wina mwana sakudya, wina akumva mawu oti ena sakuwamva, wina akumenyetsa mutu kukhoma. Migdalia ankawapatsa khofi n'kuwauza zochita mokweza, ngati akulamula asilikali. Mayi Bermúdez, mlangizi uja, ataona zimenezi anamuitanira ku ofesi.

"Mayi Migdalia, zimene mukuchita kuseri kwa khitchiniko ndi ntchito, ndipo ili ndi sukulu yake. Ku Ponce kuli bungwe limene likuphunzitsa makolo oti analerapo mwana wodwala maganizo, kuti aziyenda ndi makolo anzawo amene angoyamba kumene ulendowu. Mukakhoza mayeso amakupatsani satifiketi, mumagwira ntchito limodzi ndi anamwino ndi madokotala."

"Ine? Wa zaka makumi asanu ndi zinayi? Cholembera ndinachisiya kalekale. Ndiponso mwana wanga weniweniyo sandiyankha foni, ndiye ndikathandiza ndani?"

"Sakufuna makolo amene zinawayendera bwino ayi. Akufuna amene anadutsamo."

Anakana masabata awiri. Sabata yachitatu anandifunsa ngati galimoto yanga ingathe kutsika ku Ponce Loweruka lililonse kwa miyezi inayi.

"Ingathe," ndinatero, "bola usamandiphunzitse kuyendetsa."

"Ndisiye kukuphunzitsa kuti tikafere kuphompho?"

Ndinkamusiya pakhomo n'kupita kukacheza kwa mkulu wanga, ndipo pobwerera ankandifotokozera za tsikulo. Anali makolo khumi ndi anayi, amuna awiri okha. Mphunzitsi wawo, mayi Quiñones, nawonso analera mwana wodwala. Anaphunzira za ufulu wa mwana wodwala pasukulu, za kusunga chinsinsi, za zizindikiro zoti mwana ali pangozi ndi amene ayenera kuimbiridwa foni nthawi yomweyo. Anaphunzira kuti za mankhwala asamayankhe, n'za dokotala. Zonsezi Migdalia ankaziloweza mosavuta. Chimene chinamuvuta ndi kutseka pakamwa. Ankayeserera awiriawiri, wina kukhala kholo lovutika, wina mthandizi. Mnzake asanamalize n'komwe kufotokoza, Migdalia ankakhala atamuuza kale chipatala choti apiteko, chakudya choti aphike ndi mawu oti akauze mwamuna wake.

"Mayi Migdalia," anatero mayi Quiñones tsiku lina, "mnzanuyu wakufunsani chiyani?"

"Sanafunse kanthu."

"Nanga inu mwakhala mukuyankha chiyani?"

Kalasi yonse inafa ndi phwete. M'galimoto ankadandaula njira yonse.

"Akuti ndiziwerenga mpaka khumi mumtima ndisanayankhe. Nere, ndikafika pa zinayi ndimamva ngati ndiphulika."

Mwezi wachitatu aliyense anauzidwa kuti akonze nkhani ya moyo wake, ya mphindi zisanu, yoti azidzauza makolo akafuna kudziwa kuti amene wabwera kudzawathandizayu ndi ndani. Koma amene mwana wake ndi wamkulu anayenera kupempha kaye chilolezo kwa mwanayo. Migdalia anazengereza sabata yonse. Anaimba Lamlungu masana tili pakhonde pake, foni ataiika patebulo n'kukweza mawu.

"Amayi, chachitika n'chiyani?" anafunsa Yarelis.

"Palibe, mwana wanga. Wadya?"

"Ndadya. Mwaimbira zimenezo?"

Migdalia anafotokoza za sukulu ija, mozungulirazungulira, mpaka anafika pa nkhani ya chilolezo. Pafoni tinkamva phokoso la magalimoto a kumene kunali Yarelis.

"Ndiye mukufuna muziimirira pamaso pa anthu a ku Adjuntas, anthu oti ndinaphunzira ndi ana awo, n'kumawauza za mikono yanga?"

"N'kuwathandiza, Yare."

"Mikono ndi yanga, amayi. Masiku khumi ndi limodzi aja m'chipatala muja ndinagona ndine, osati inu. Ayi. Pepani, koma ayi."

Foni inaduka. Migdalia anayang'ana kumsewu.

"Wawamva mawu akewo?" anatero pambuyo pake. "Akulankhula ngati munthu wamkulu. Wakula liti mwana ameneyu? Ine ndinali kuti?"

Loweruka lotsatira anapita ku Ponce kukatsanzika, kuti sukulu waisiya. Mayi Quiñones anamumvetsera mpaka kumapeto.

"Mwana wanu wanena zoona, nkhani yake ndi yake. Koma pamene iye anali mkati muja, panja pabenchi panakhala ndani? Lembani za ameneyo."

Analemba masabata awiri, m'kope la ana asukulu, nthawi yopuma tikamaliza kugawa chakudya. Atamaliza anandiwerengera. Munalibe dzina la mwana, munalibe dzina la matenda, za mikono munalibenso. Munali mayi amene anati ndi ulesi, amene anawomba mbama mwana wodwala, amene anakhala pabenchi ndi chikwama chobwezedwa. Munali mayi amene anasankha kutsala ndi amayi ake, ndipo mpaka lero sadziwa ngati anasankha bwino. Anajambula masamba atatuwo ndi foni n'kutumizira Yarelis. Pansi pake analemba kuti: "Izi ndi zanga. Ukakana, sindikawerenga."

Masiku asanu ndi anayi kunali zii. Tsiku lakhumi, tikutsuka mapoto, foni inanjenjemera. Unali uthenga wa mawu, wautali kuposa mauthenga onse amene Yarelis anatumiza chaka chimenecho. Tinalowa m'chipinda chosungira mpunga kukaumvera.

"Amayi, ndawerenga kanayi. Za mbama ija ndinkaganiza kuti munaiwala. Ine sindinaiwale, koma sindinkadziwa kuti inunso mumayenda nayo. Pali china chimene mwasiya. Masiku amene ndinkadzitsekera m'bafa, inu munkakoka mpando n'kukhala kuseri kwa chitseko mukusenda nandolo. Simunkalankhula. Ndinkangomva nandolo akugwera m'beseni, n'kudziwa kuti mulipo. Ikanimo zimenezo. Za agogo musamadzizunze nazo, mukanawasiya ndikanakudani. Kawerengeni. Dzina langa lokha musatchule."

Migdalia anakhala pathumba la mpunga n'kuumveranso kachiwiri, kachitatu. Anapukuta m'maso ndi epuloni.

"Ine ndinakhalapo chete, Nere? Ineyo?"

"Zikuoneka kuti zinachitikapo kamodzi, kalekale."

Anandigenda ndi kansalu kotsukira.

Nkhani yake anakaiwerenga Loweruka lomwelo, ya nandolo ataiikamo. Akuti inatenga mphindi zisanu ndi ziwiri, koma mayi Quiñones sanamudule.

Atamaliza za m'kalasi anayenera kugwira ntchito miyezi ingapo moyang'aniridwa. Anamutumiza pachipatala chaching'ono cha m'tauni yoyandikana ndi yathu, kuti asamakumane ndi anthu owadziwa. Za mabanja amene ankayenda nawo sankandiuza, ndipo ndikafunsa ankandiloza chala. "Chinsinsi, mayi." Chinthu chimodzi chokha anandiuza, osatchula dzina kapena dera. Bambo wina wolera yekha mwana wa zaka khumi anaitanidwa kumsonkhano kusukulu, kumene aphunzitsi asanu ankafuna kuti mwanayo asamutsidwe. Dzulo lake Migdalia anakhala naye, bamboyo n'kulemba papepala zimene ankafuna kukanena. Pamsonkhanopo bamboyo anayamba kuchita chibwibwi.

"Mawu onse anali pakamwa panga, Nere. Ndinakhalira manja anga. Ndinafika pa khumi n'kuyambiranso. Ndili pa zisanu ndi ziwiri, bambo uja analankhula. Analankhula bwino kuposa mmene ndikanalankhulira ine, poti mwanayo amamudziwa ndi iye."

"Nanga mwanayo anamusamutsa?"

"Chinsinsi, mayi."

Mayeso omaliza anali a pakompyuta. Ulendo woyamba analephera. Nthawi inatha akulimbana ndi makinawo, mafunso khumi ndi awiri asanawaone n'komwe. Analira m'galimoto kuchokera ku Ponce mpaka pakati pa njira, kenako anayamba kutukwana kompyuta. Mwezi wonse ankatsalira mulaibulale ya sukulu tikaweruka, akuphunzira kudina. Ulendo wachiwiri anakhoza.

Mwambo wopereka masatifiketi unachitika Lachisanu masana mu Juni, m'holo ya tchalitchi china ku Ponce. Yarelis anali atanena kuti ayesetsa kubwera. Migdalia anagula diresi lobiriwira, anakonzetsa tsitsi, anachapa makatani a m'chipinda cha mwana. Kutatsala masiku awiri uthenga unabwera woti kuntchito amukaniza, anzake awiri adwala. Migdalia anayankha kuti palibe kanthu, ntchito ndi ntchito. Komabe m'holomo anaika chikwama chake pampando wa pambali panga kuti wina asakhalepo, ndipo chitseko chikatseguka ankatembenuka. Atatchula dzina lake sanamve, ndinachita kumugwedeza.

Ndinamujambula atanyamula pepala lake, tinatumiza. Tikukwera msewu wa kumapiri pobwerera, yankho linafika. Chinali chithunzi cha Yarelis ali kuntchito, atanyamula kagalu koyera konyowa, akumwetulira. Pansi analemba kuti: "Diresi lakukhalani. Ndikukunyadirani, amayi." Migdalia anachikulitsa chithunzicho ndi zala, n'kuchiyandikitsa kumaso.

"Wanenepa masaya. Taona, Nere, wafanana ndi malemu mayi anga."

"Ndikuyendetsa, iwe. Ndiona tikafika."

Sanaike foni m'chikwama mpaka tinafika ku Adjuntas.

Ntchito ya kukhitchini anaisiya chaka chatha. Tsopano amagwira masiku atatu pa sabata pachipatala chija. Amaperekeza makolo kwa dokotala ndi kumisonkhano ya kusukulu, ndipo Lachinayi amasonkhanitsa kagulu ka azimayi ndi abambo angapo. Yarelis amaimba Lamlungu lina, lina osaimba. Chichokere chija sanapondebe kuno. Akuti mwina pa Khirisimasi, ngati kuntchito amulola ndipo ngati iye mwini adzaone kuti angathe kugona m'nyumba imene anadwaliramo. Migdalia anamuuza kuti asadzikakamize. Anandiuza kuti mawu amenewo anamuwawa powatulutsa ngati kuzula dzino.

Tili mu Okutobala, koma sabata yatha anandiimbira kuti ndimuperekeze kumunda kwa mlongo wake ku Guilarte, tikadule masamba a nthochi okulungira mapasteles, chakudya cha nthochi zosinja ndi nyama chimene timaphika pa Khirisimasi.

"Mapasteles mu Okutobala? Wapenga?"

"Mawu amenewo sitinena, mayi. Ndiwaika mufiriji. Yarelis amakonda a nkhumba, opanda mphesa zouma."

Tinadula masamba mpaka dzuwa kufika pamutu. Ndikuwasanja m'galimoto ndinalephera kupirira.

"Nanga akapanda kubwera, Migda?"

Anapukuta chikwanje paudzu.

"Udzadya ndiwe, mlesi iwe. Gwira bwino masambawo, ukuwang'amba."

Mawa lake tinakulunga makumi anayi m'khitchini mwake. Khumi ndi awiri anawamanga padera ndi ulusi wofiira, kuti ine ndisawakhudze.